Mfuti ya .303 yomwe bambo anasiya: kodi ndiisinthitse kuti izidya zipolopolo zing'onozing'ono?

Uthenga wa ulendo uno wachokera kwa wowerenga wina wa m'dera la Mwansambo ku Nkhotakota. Ndaufupikitsa, koma mawu ndi ake.

"Bambo anamwalira chaka chatha ndipo anasiya mfuti ya .303 yokoka ndi dzanja, yomwe anagula kalekale kwa mwini esiteti wina ndipo ankaidulira chilolezo chaka ndi chaka. Zipolopolo zake n'zosowa, zomwe zatsala m'kachitini zachita kubiriwira. Anyani ndi nguluwe akutimalizira chimanga ndi chinangwa. Mnzanga wina akuti pali mmisiri wowotcherera amene angalowetse kampope kakang'ono m'kati kuti mfutiyi izidya zipolopolo za .22, zomwe akuti n'zotsika mtengo komanso sizoopsa kwambiri. Kodi zimenezi zimatheka? Sindikufuna kutaya mfuti ya bambo."

Achimwene, pepani ndi maliro a bambo. Mwachita bwino kufunsa mfutiyo isanafike pa tebulo la mmisiri aliyense, chifukwa chitsulo chikadulidwa sichibwereranso. Mtima ukhale m'malo: palibe chomwe mwalakwitsa mpaka pano, ndipo funso lanu si lachilendo. Ine ndinagwira ntchito yosamala ndi kukonza mfuti kwa zaka zambiri ndisanapume n'kudzakhazikika kuno ku Salima, ndipo mfuti za mtundu umenewu zadutsa m'manja mwanga zambirimbiri. Kusintha mfuti yakale ya asilikali kuti izidya chipolopolo chaching'ono kumatheka, ndipo kwachitikapo m'maiko ambiri. Koma si ntchito ya mmisiri wowotcherera, ndipo kwa inu ndikuona kuti si njira yabwino. Ndifotokoza chifukwa chake pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi pepala, chitsulo chibwera pambuyo. Chilolezo cha mfuti ndi cha munthu, sichilowa m'chuma cha masiye ngati njinga kapena wailesi. Chija cha bambo chinatha mphamvu tsiku lomwe anatisiya. Ngati mfutiyo ikadali m'nyumba ndipo simunakaonekere ku polisi, chitani zimenezo sabata yomwe ino. Pitani pa polisi ya pa boma ku Nkhotakota ndi buku la chilolezo la bambo, kalata yochitira umboni za imfa yawo ndi chiphaso chanu, mukafotokoze kaye musananyamule mfutiyo pamsewu. Iwo akuuzani kabweretsedwe kake, ndipo angaisunge pamene pempho lanu likuyenda mpaka kulikulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Chinanso choti mudziwe ndi chakuti pa chilolezo pamalembedwa mtundu wa mfuti, nambala yake ndi kukula kwa chipolopolo chomwe imadya. Mukasintha mpope mwakachetechete, mfuti yomwe ili m'manja mwanu siikhalanso yomwe ili pa pepala, ndipo mlandu umagwera inu pamodzi ndi mmisiri uja.

Tsopano itengeni mfutiyo, muchotse magazini, mukoke bolt, chitsulo chokoka ndi dzanja chomwe chimatsekera chipolopolo, muyang'ane ndi maso komanso kupisa chala m'chipinda cha chipolopolo kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Ndikukhulupirira kuti ndi Lee-Enfield, mfuti yomwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1895, yomwenso agogo athu a King's African Rifles ananyamula pa nkhondo ziwiri zija za dziko lonse, ena mpaka ku Burma. Yang'anani pa chitsulo chozungulira chomwe chili pamwamba pa pokhethemulira, pamene mtengo wa kumbuyo umalumikizana ndi thupi la mfuti. Mukaona chisoti chachifumu, chaka, ndi zilembo ngati ShtLE III, ndiye kuti muli ndi No. 1 Mk III, yomwe inayamba mu 1907. Ngati poyang'anira chandamale pali kumbuyo kwenikweni pafupi ndi diso, kabowo kozungulira, ndiye No. 4, ya nthawi ya nkhondo yachiwiri. Kusiyana kumeneku n'kofunika, tikubwererako. Ndipo mukapeza zilembo ziwiri DP zitadindidwa pa chitsulo kapena pa mtengo, imeneyo inachotsedwa pa ntchito yowombera, inasiyidwa kuti izingogwira ntchito ya pelete. Musaikemo chipolopolo ngakhale chimodzi, ngakhale wina atakuuzani kuti bambo ankawombera bwinobwino.

Mnzanu uja sananame kotheratu. Asilikali a Britain eniakewo ankasintha ma Lee-Enfield kuti azidya .22 pophunzitsira anyamata atsopano, chifukwa chipolopolo chake n'chotsika mtengo, sichikankha phewa, ndipo chimatha kuwombedwa pa bwalo laling'ono. Ina mwa mfuti zimenezo inkatchedwa No. 2 Mk IV, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Parker-Hale ya ku Birmingham inasinthira asilikali a pamadzi mfuti za No. 4 kukhala No. 9 polowetsa kampope ka .22 m'kati mwa mpope wakale. Koma taonani zomwe zinkachitika. Mpope wakale unkaboolewa ndi makina a fakitale molunjika kuchokera uku mpaka uko, kampope katsopano kankakhala ndi mizere yakeyake ya m'kati yozunguza chipolopolo, ndipo mutu wa bolt unkasinthidwa wonse. Chifukwa chake n'chakuti .303 imayatsidwa pakatikati pa msana wa chigoba cha chipolopolo, pamene .22 wamba imayatsidwa m'mphepete, ndiye msomali womenyera uyenera kugunda malo ena. Kambedza kokokera chigoba kunja nakonso kankasintha. Ndipo pambuyo pa ntchito yonseyo, mfutiyo inkadya chipolopolo chimodzichimodzi choika ndi dzanja. Magazini ija ya zipolopolo 10 inkangotsala chibokosi chogweramo zigoba.

Anthu a ku Australia anatenga njira ina. Nkhondo yachiwiri itatha, kumeneko kunali ma Lee-Enfield ochuluka, ambiri opangidwa pa fakitale yawo ya Lithgow, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma la New South Wales linakhwimitsa malamulo pa anthu wamba okhala ndi mfuti zodya chipolopolo cha asilikali. Amisiri awo anayamba kuchotsa mpope wonse n'kuika watsopano, n'kuchepetsa khosi la chigoba cha .303 kuti ligwire mutu waung'ono. M'menemo ndi momwe munatchukira .303/25 ndi .303/22. Nzeru yake inali yakuti msana wa chigoba sunasinthe, choncho bolt ndi magazini zinkagwirabe ntchito monga kale. Inali ntchito yabwino kwa iwo. Kwa inu ingakhale kulumpha dzenje n'kugwera m'chitsime, chifukwa ngati .303 ikusowa, zipolopolo za .303/25 simudzazipeza m'sitolo iliyonse kuno. Ngakhale kwawo komweko, ambiri omwe akadali nazo amadzipangira okha zipolopolo.

Amwenye nawo pa fakitale ya Ishapore ankasandutsa mfuti zakalezi kukhala za .410 zopanda mizere m'kati, za apolisi ndi alonda a ndende. Ndazitchula chifukwa zina zinayenda maiko, ndipo munthu amatha kuganiza kuti chipolopolo chilichonse cholembedwa .410 chilowamo, pamene zambiri zinapangidwira chipolopolo chawochawo chosiyana ndi cha m'sitolo.

Apa pali nkhani yomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Timaganiza kuti chipolopolo chikakhala chaching'ono ndiye kuti mfuti ipuma, katundu wachepa. Kwa .22 wamba, yomwe imalembedwa .22 LR, n'zoona: mphamvu yofufuma ya wonga m'chipinda siipitirira pafupifupi ma bar 1,700 (bar ndi muyeso wa mphamvu imeneyi), pamene ya .303 malire ake ndi ma bar 3,650. Koma pali zipolopolo zina za mutu waung'ono zomwe ndi zaukali kuposa .303. Ya .223 Remington, yomwe mutu wake ndi wofanana kukula ndi wa .22, malire ake ndi ma bar 4,300. Ya .243 ndi .308 Winchester ndi 4,150. Ndiye munthu akakuuzani kuti "tingoichepetsa", funsani kuti kuchepetsa kwake n'kuti. Kukula kwa mutu ndi kwina, ukali wa wonga ndi kwina.

Ndipo Lee-Enfield ili ndi chibadwa chake. Mano omwe amakhoma bolt pamene mfuti ikulira ali chakumbuyo kwa bolt, osati kutsogolo pafupi ndi chipolopolo monga zilili pa Mauser 98 ya ku Germany. Ndicho chifukwa chake imakoka mofewa ndi mwachangu chonchija, asilikali ankaikonda pa chifukwa chimenecho. Koma zikutanthauzanso kuti nthawi iliyonse ikalira, bolt ndi thupi la mfuti zimavutika pa mtunda wautali, zimatanuka pang'ono n'kubwerera. Pa mphamvu ya .303 zinapangidwa kuti zipirire. Mukazisenzetsa zoposa pamenepo, makamaka No. 1 Mk III yomwe chitsulo chake n'chopepukirapo, mukuseweretsa nkhope yanu, chifukwa bolt ikalephera imabwera kumene kuli diso lanu lamanja. Pamene India inafuna Lee-Enfield yodya chipolopolo cha asilikali cha 7.62 NATO m'zaka za m'ma 1960, sinasinthe zakale. Inapanga zatsopano, 2A ndi 2A1, ndi chitsulo cholimba kuposa choyamba. Britain inasintha ma No. 4 osankhika kukhala L39A1 ndi L42A1, koma iliyonse inkayesedwanso ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse, n'kudindidwa chizindikiro, isanapatsidwe munthu. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mfuti yomwe yakhala ikugwira ntchito imeneyo kuyambira 1813. Mayeso otere sangachitikire mu shedi yowotcherera mafelemu a mawindo, ndipo pamenepo woyesera amakhala inuyo.

Ndinaonapo mfuti yotere ndi maso anga. Anaibweretsa itakulungidwa m'chitenje, mwini wake ali kuchipatala. Mmisiri wina anali atalowetsa kampope m'kati mwa .303 n'kuwotcherera kumbuyo ndi kutsogolo ndi moto wa magetsi. Kunja inkaoneka bwino, anaipaka ndi penti yakuda. Nditaiyang'ana pa kuwala, pafupi ndi chipinda chitsulo chinali chitasanduka cha buluu ndi chofiirira, chizindikiro choti moto unachifewetsa. Kampopeko sikanali pakati, kanapendekera mbali imodzi, moti mutu wa chipolopolo unkametedwa polowa, ndipo tizidutswa ta mtovu tinali titamatirira pamlomo ngati phala louma. Chigoba chinang'ambika kumsana, mpweya wamoto ndi tizidutswa ta mkuwa zinabwerera kudzera mu bolt. Bamboyo anapulumuka, koma diso limodzi silinaonenso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi la mfuti linaumitsidwa ndi moto woyezedwa ku fakitale, ndipo moto wa wowotcherera umafafaniza kuuma kumeneko popanda kusiya chizindikiro chomwe munthu wamba angachizindikire penti ikapakidwa.

Ngakhale mutapeza mmisiri weniweni wa mfuti wovomerezeka ndi boma, chinthu choyamba chomwe angachite si kudula ayi, ndi kuyeza. Pali mpata waung'ono pakati pa nkhope ya bolt ndi msana wa chipolopolo mfuti ikatsekedwa. Pa .303 muyeso wake umayambira pa 0.064 ya inchi, ndipo asilikali ankaichotsa pa ntchito ikadutsa 0.074. Kusiyanako n'kochepa ngati kukhuthala kwa mapepala awiri kapena atatu, diso silingaone, pamafunika tizitsulo toyezera. Pa No. 4 mitu ya bolt inkabwera ya manambala 0, 1, 2 ndi 3 kuti mpatawu uzikonzedwa posintha mutu. Onaninso ngati nambala yomwe ili pa chogwirira cha bolt ikufanana ndi ya pa thupi la mfuti. Zikasiyana, ndiye kuti bolt inachokera ku mfuti ina, ndipo mano ake mwina sakugwira mofanana mbali zonse.

Kenako mpope. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere m'kati mukawombera, wochokera ku mankhwala oyatsira, ndipo mcherewo umakoka chinyontho. N'chifukwa chake asilikali ankathira madzi owira mu mpope asanapake mafuta. Mafuta okha sachotsa mchere. Kuno kunyanja, ndi chinyezi cha dzinja, mpope womwe sunatsukidwe motero umadyeka m'kati ngati mtengo wolowa chiswe. Wonga wakale wa cordite, wooneka ngati timizere ta udzu wouma, unkatenthanso kwambiri n'kumadya poyambira mizere. Chotsani bolt, lozetsani mpope ku khoma loyera lowala, muyang'ane kuchokera kumbuyo. Mukaona mizere yakuthwa ndi m'kati mowala, mfuti ikadali ndi moyo. Mukaona mdima, timaenje, kapena mphete yakuda pamalo amodzi, yomwe ndi chizindikiro choti mpope unafufuma, imeneyo yamaliza ntchito yake.

Zipolopolo zobiriwira za m'kachitini musaziyese. Zina sizilira, zina zimachedwa kulira, munthu n'kutsegula bolt kuti aone chavuta n'chiyani, pomwepo n'kuphulika. Zina zimalira mofooka n'kusiya mutu pakati pa mpope, chotsatira n'kudzaugunda. Musaziponye m'chimbudzi kapena pamoto, ndipo ana asazione. Mukazipereke ku polisi pamodzi ndi mfuti.

Tibwere ku vuto lenileni, lomwe ndi munda. Apa ndi pamene ndikuona kuti ngakhale kusinthako kutayenda bwino, simungapeze chomwe mukufuna. Mutu wa .303 ya asilikali umalemera pafupifupi magalamu 11 ndipo umatuluka pa liwiro la mamita oposa 700 pa sekondi. Wa .22 LR sufika magalamu 3, ndipo liwiro lake ndi pafupifupi theka la limenelo. Kwa nguluwe, ndi chikopa chake ndi mafupa a mutu aja, .22 imangovulaza. Nguluwe yovulala imalowa m'chinangwa n'kubisala, ndipo yemwe amakumana nayo m'mawa ndi mayi wopita kukazula kapena mwana wotsatira mbuzi. Kuvulaza nyama n'kuisiya ikuvutika si ulenje. Komanso mawu oti .22 "siyoopsa" andipweteka mtima, chifukwa ndi mawu omwe aphetsa anthu. Kachipolopolo kameneka kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kamanjanja pa mwala, pa nthaka youma ya chilimwe ngakhale pa madzi, n'kulowera kwina. Midzi yathu ndi yoyandikana, kuseri kwa munda wanu kuli munda wa wina. Nyani ali mu mtengo, inu n'kuloza m'mwamba, chipolopolo chikaphonya chimakatsikira komwe simukuona.

Musaiwalenso komwe mukukhala. Nkhalango ya Nkhotakota yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Chilolezo cha mfuti si chilolezo chosaka. Munthu wopezeka pafupi ndi mpanda wa nkhalango ndi mfuti yosinthidwa mwamseri, nkhani yake imakhala yovuta kuifotokoza ngakhale atakhala kuti ankangolondera chimanga. Nyama zikamavuta, kadandauleni kudzera kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'dera lanu, ndiponso kwa alangizi a nyama zakutchire, kuti zilembedwe ndipo akuuzeni chomwe lamulo likukulolani kuchita pa mtundu uliwonse wa nyama. Ndikudziwa kuti yankho lawo nthawi zina limachedwa pamene chimanga chikutha, ndipo kupsa mtima kwanu ndikukumvetsa. Koma anyani amaopa munthu ndi agalu kuposa momwe amaopera mfuti yolira kamodzi pa sabata, ndipo alimi omwe ndawaona akukolola pafupi ndi nkhalango ndi omwe amalondera mosinthana, ndi nsanja m'munda, kuyambira chimanga chikamamanga ana mpaka kukolola. Nguluwe imabwera usiku, ndipo ngalande yozama ndi mpanda wolimba m'mbali yomwe imalowera zimathandiza kwambiri.

Ndiye nditakhala inu ndingatani? Ngati apolisi atakuvomerezani kukhala ndi mfuti, ndipo mukuonadi kuti mukufunika yaing'ono, pemphani chilolezo cha mfuti yomwe inabadwa ili yaing'ono. Ma .22 a ku Czech Republic, a Brno akale aja ndi a CZ, ndi olimba ndipo amalunjika bwino. Pa zolondera munda, palinso shotigani, yomwe njere zake siziuluka kutali ngati chipolopolo cha mfuti ya mizere. Mukawerengera mpope watsopano woitanitsa kunja, chilolezo choulowetsera m'dziko, ndalama zakunja zomwe zikusowazi, mutu wa bolt, ndi malipiro a mmisiri wovomerezeka, mupeza kuti kusintha kwadya ndalama zoposa kugula ina, ndipo pamapeto muli ndi mfuti yolemera makilogalamu 4 yodya kachipolopolo kamodzikamodzi.

Ya bamboyo isiyeni momwe ilili. Mwanena kuti simukufuna kuitaya, ndipo ine ndikuti kuiboola ndiye kuitaya kwenikweni. Mtengo wake uli ndi pomwe dzanja lawo linasalaza, pa chitsulo pali chaka ndi chidindo cha fakitale, ndipo mfuti yotere ikakhala yosakhudzidwa imakhala ndi mtengo woposa yodulidwa. Ikayezedwa n'kupezeka yabwino, mutha kuilembetsa m'dzina lanu ngati .303 yomweyo, n'kumagula zipolopolo zatsopano zochepa kwa wogulitsa wovomerezeka, popeza makampani ena akunja akupangabe. Ikapezeka yotha, funsani apolisi za njira yovomerezeka yoiphera kuti isadzalirenso koma ikhale chikumbutso, kapena muipereke ndi mtima woyera. Chokhacho chomwe ndikukupemphani ndi chakuti isalire ngakhale kamodzi isanaonedwe ndi munthu wodziwa mfuti yemwe apolisi angakulozereni, ndipo mukaona mng'alu uliwonse pa bolt kapena pa thupi, kapena bolt ikamagwedera itatsekedwa, musadikirenso maganizo a wina.

Pa masiku ochepa omwe ikhale ikadali kwanu, chotsani bolt muisunge payokha pokhoma, zipolopolo penanso. Musaikulunge m'thumba la feteleza kapena m'bulangete, ndipo musaibise kudenga la udzu kapena kuikwirira, zonsezo zimasunga chinyontho. Pukutani chitsulo ndi kansalu konyowa pang'ono ndi mafuta a makina osokera, osati mafuta ophikira, omwe amauma n'kumata. Mukandilemberanso, mundiuze zilembo zonse zomwe zili pa chitsulo chozungulira chija, chaka chake, ngati nambala ya bolt ikufanana ndi ya thupi, ndi zomwe mwaona mutayang'ana mu mpope pa kuwala. Nambala yeniyeniyo musanditumizire, imeneyo ndi ya inu ndi apolisi.